Chilwa, Liwonde, Nyika kapena dambo lakwanu: kusankha nyengo, malo ndi kamera pojambula mbalame zaulendo

Chaka chilichonse mvula ya chizimalupsa ikangogwa, anamzeze n'kuyamba kundandalikana pa mawaya a magetsi, anthu amene amadziwa kuti ndimakonda kujambula mbalame amandifunsa kuti agule kamera yotani. Ine ndimayamba ndawafunsa kaye kuti ndi mwezi uti umene angapeze mpata wochoka pakhomo, chifukwa kuno kwathu chimene chimalamulira chithunzi ndi nyengo, kenako malo, ndipo kamera imabwera pambuyo pa zonsezi. Munthu wonyamula kamera ya ndalama zambiri amene wakwera phiri la Zomba mu Okutobala adzatsikako ndi chithunzi cha utsi, pamene mnzake wa foni wamba amene waima pamalo omwewo mu Epulo adzajambula nyanja ya Chilwa, chilumba cha Chisi ndi phiri la Mulanje, zonse zikuoneka ngati zangotsukidwa kumene.

Chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, ndiyo nthawi imene alendo ambiri amaikonda, ndipo zifukwa zawo n'zomveka. Misewu ya fumbi imapitika, udzu umakhala utapsa kapena utagwa, ndipo nyama zimasonkhana kumadzi moti sizivuta kuziona. Chimene chimasokoneza ndi mpweya. Moto wa m'tchire, utsi wa osaka mbewa ndi wa ootcha mapesi pososa, pamodzi ndi fumbi, zimapanga chifunga chomeza mapiri, kotero kuti munthu akhoza kuima m'minda ya tiyi ku Thyolo osaliona bwino phiri la Mulanje, ngakhale kuti nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Wofuna chithunzi cha dziko lotambalala asadzivute m'miyezi imeneyi. Chabwino chimene chifungacho chimapereka ndi dzuwa lofiira ngati khala lamoto likamakalowa, ndipo mukapeza mlambe wopanda masamba kapena mgwalangwa woima patsogolo pake, ngakhale foni imatulutsa chithunzi choti n'kupachika pakhoma.

Chuma chenicheni cha chilimwe chili m'nkhalango za miombo, ndipo zimandiwawa kuti ambiri a ife timachidutsa pa minibasi osacheuka n'komwe. Chakumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala, dontho lamvula lisanagwe, mitengo ya mombo ndi ina ya mtundu wake imaphuka masamba atsopano ofiira, ena ngati magazi, ena ngati mkuwa, ena ngati dothi la katondo, ndipo pakangopita masabata awiri kapena atatu onse amasanduka obiriwira. Alendo ochokera ku Ulaya amaganiza kuti masambawo akufota monga amachitira kwawo chisanu chikamayandikira, pamene ndi masamba anthete ongophuka kumene. Ku Dzalanyama, m'mapiri a Dedza, ndi pamsewu wochokera ku Kasungu wodutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, mapiri athunthu amachita psuu. Kuti mtunduwo utuluke, imani moti dzuwa la m'mawa likhale kuseri kwa masambawo, kuwala kudutse mkati mwake, ndipo jambulani mitengo yapafupi kuti chifunga chisalowerere. M'nkhalango ya Nkhotakota muli akashembe, choncho pewani zovala zakuda ndi zabuluu, chifukwa ndizo zimawakopa. Ndi nthawi yomweyinso pamene mphamba zimabwerera n'kuyamba kuzungulira pamwamba pa misika ndi pamakomo pamene pali anapiye, ndipo kwa ine ndizo zimatsegula chaka cha mbalame zaulendo.

Komabe wofunadi mbalame zaulendo adikire mvula, kuyambira pakati pa Novembala mpaka Febuluwale. M'dziko muno mwapezeka mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo ina mwa mitunduyi ndi ya alendo ochokera mbali ziwiri. Alendo ena amachokera kutali kumpoto pothawa chisanu. Ambiri mwa anamzeze odzadza pa mawaya aja amaswa ku Ulaya ndi ku Asia, amafika kuno cha mu Okutobala n'kunyamukanso mu Epulo. Dokowe woyera wa mlomo wofiira amachokeranso ku Ulaya, ndipo kakabawi kakang'ono kotchedwa Amur falcon kamachoka kum'mawa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China, kudzera ku India, kuwoloka nyanja yamchere mpaka kugombe la kum'mawa kwa Africa, n'kudzatipeza cha mu Disembala. Alendo ena ndi a mu Africa momwemuno amene amatsatira mvula, monga dokowe wakuda wa pamimba poyera, wotchedwa Abdim's stork, amene amaswa m'mayiko a kumunsi kwa chipululu cha Sahara n'kumabwera m'magulumagulu kudzatola ziwala m'minda yathu. Nazonso mpheta zathu za m'madambo, zimene chaka chonse zimakhala zotuwa moti palibe amazilabadira, zimavala nthenga zaukwati, zina zachikasu, zina zofiira ndi zakuda, zina michira yaitali yolendewera.

Madzulo ena mu Disembala, m'mudzi wina wa kumadzulo kwa Lilongwe, mvula itangokata, ngumbi zinayamba kutuluka pa chulu cha m'mphepete mwa munda wa chimanga chofika m'mawondo. Ana anathamangirako ndi mabeseni, ndipo posakhalitsa mphamba zinatsika, zikuwakha ngumbizo ndi zikhadabo n'kumazidyera m'mlengalenga momwemo, mutu utaweramira kumapazi, pamene adokowe akuda ankayenda pang'onopang'ono m'mizere akutola zogwa. Ndinakhala pansi n'kutsamira tsinde la mango, dzuwa lili kumbuyo kwanga, ndipo kum'mawa kunali mtambo wakuda bii umene unali utangodutsa. Mbalame iliyonse yolowa pakati pa ine ndi mtambowo inkawala ngati yapakidwa mafuta. Lenzi ya mamilimita 300 (nambalayi ikamakula, lenzi imakoka patali kwambiri) inakwanira, chifukwa mbalame yotanganidwa ndi chakudya siisamala za munthu amene wakhala phee. Kuwala kwa mtundu umenewu, dzuwa lotsika likumenya pa mtambo wamvula, chilimwe sichingakupatseni ngakhale mutadikira mwezi wathunthu.

Dzinja lili ndi mavuto ake. Misewu yambiri ya m'malo osungira nyama imatsekeka ndi matope, udzu umatalika n'kubisa chilichonse choyenda pansi, udzudzu umachuluka, ndipo tsiku limene mwalipirira galimoto likhoza kuthera pakhonde mukuyang'ana mvula. Amene sangapirire zimenezi asankhe Epulo ndi Meyi, pamene mvula yatsuka mpweya, mathithi adakali odzadza, ndipo dziko lidakali lobiriwira. Imeneyi ndiyo nyengo ya mapiri ndi zigwa, ngakhale kuti mbalame zambiri zaulendo zimakhala zitanyamuka kapena zikusonkhana kuti zinyamuke. Juni ndi Julayi ndi miyezi ya chiperoni ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre, ndi ya mwera kunyanja. Ndi nthawi ya zithunzi za nkhungu yoyenda m'minda ya tiyi ndi mafunde omenya pamiyala, osati ya mbalame.

Tikafika pa malo, mtima wanga uli ku Chilwa, ngakhale kuti ndiko kovuta kuposa kwina konse. Nyanjayi, imene ili pakati pa maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosazama, ndipo imakula ndi kuchepa motsatira mvula. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inasanduka dothi long'aluka. Kusinthasintha kumeneku ndiko kumaitana mbalame, chifukwa madzi akamabwerera m'mbuyo amasiya matope odzadza tizilombo, ndipo akamasefukira m'madambo ndi m'minda ya mpunga amatsegula malo atsopano odyera. N'chifukwa chake Chilwa anali malo oyamba m'Malawi kulowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi. Kumeneko mudzapeza zipweyo, atsekwe, akakowa ndi avuwo, komanso timbalame totuwa ta miyendo yaitali tothamangathamanga m'matope, timene tambiri timaswa kumpoto kwenikweni kwa Ulaya ndi Asia.

Kuchokera mumzinda wa Zomba kukafika padoko la Kachulu ndi makilomita pafupifupi 30, ndipo muyenera kunyamuka kudakali mdima, chifukwa mu Disembala dzuwa limatuluka itangopitirira 5 koloko, ndipo ikamakwana 8 koloko kuwala kumakhala kutauma kale. Padoko mumalandiridwa ndi fungo la matemba, ndipo bwato limayenda pokankhidwa ndi nsungwi yaitali m'tinjira ta pakati pa njedza. Ubwino wa bwato lotere ndi wakuti lilibe phokoso kapena kunjenjemera kwa injini, ndipo mumakhala pansi kwambiri moti kamera imayang'anizana ndi mbalame maso ndi maso, madzi akumbuyo n'kusungunuka bwinobwino pachithunzi. Kuipa kwake n'kwakuti limagwedezeka mukangosuntha phazi, palibe poimika kamera, ndipo madzi ake sindiwo oti muzipondamo mwachisawawa chifukwa cha likodzo. Chovuta china chachikulu n'chakuti mbalame za ku Chilwa zimasakidwa, makamaka m'zaka zimene nsomba zasowa, choncho zimaopa munthu ndipo zimauluka mudakali patali. Musapiteko ndi mtima woweruza osakawo, popeza ndi anthu amene akufunafuna ndiwo ndi ndalama ya sopo, ndipo ndi iwowo pamodzi ndi asodzi amene amadziwa kumene mbalame zagona. Gwirizanani mtengo wabwino ndi mwini bwato musanakwere, mumuuze kuti simukufuna kufika msanga pena paliponse koma kuyandama mwakachetechete, ndipo musajambule munthu ali pantchito yake musanamupemphe.

Dambo la Elephant Marsh, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, limafanana ndi Chilwa m'zambiri, ndipo linalowa m'kaundula wa Ramsar mu 2017. Njovu zimene David Livingstone anaziona kumeneko mu 1859 n'kupatsa malowa dzina zinatha kalekale, koma mbalame za m'madzi zilipo zochuluka pakati pa maluwa oyandama. Chimene chingakubwezeni ndi kutentha kwa m'chigwa cha Shire ndi kusefukira kwa madzi m'dzinja, kotero ndi bwino kupitako mvula itatha.

Liwonde ndi wosiyana kotheratu. Kuyambira 2015 malowa akuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma, ndipo mbalame za m'mphepete mwa Shire zinazolowera maboti moti nkhwazi imatha kukhalabe panthambi inu mukudutsa pansi pake. Kwa woyamba kumene, amene akufuna kubwerera kunyumba ndi zithunzi zooneka bwino pa ulendo umodzi wokha, palibe malo oposa amenewa. Otsogolera alendo amadziwa mitengo imene kadzidzi wamkulu wodya nsomba amabisalamo masana, amadziwa kumene timbalame tobiriwira ta mtundu wa zinkhwe, totchedwa Lilian's lovebird, timamwera madzi m'nkhalango ya tsanya, ndipo kuseri kwa chithunzi chilichonse kumakhala mvuu, migwalangwa kapena phiri la Chinguni. Zolipira zake n'zambiri, chifukwa pamafunika ndalama ya pachipata, ya boti ndi ya malo ogona, ngakhale kuti nzika za dziko lino zimalipira mtengo wotsika pachipata kusiyana ndi alendo akunja. Pali chinanso chimene ojambula ambiri sachiganizira: m'boti la anthu khumi, ena akufuna njovu ndipo sangadikire mphindi makumi awiri kuti kambalame kamodzi katembenuze mutu. Ngati thumba likulola, gwirizanani ojambula okhaokha atatu kapena anayi mutenge boti lanulanu la m'mamawa, ndipo mupemphe woyendetsa kuti azizimitsa injini mukayandikira.

Amene ali ndi pasipoti ndi ndalama yokwanira angawolokere ku Zambia kudzera ku Mchinji ndi Chipata mpaka ku Mfuwe, m'chigwa cha Luangwa, kumene mu Seputembala ndi Okutobala mbalame zofiira zodya njuchi, zotchedwa carmine bee-eater, zimakumba mauna mazanamazana m'magombe a mtsinje. Chiyankhulo sichivuta chifukwa Chinyanja chimamveka konseko, koma mitengo yambiri ya kumeneko inaikidwa poganizira alendo a madola, ndipo kutentha kwa Okutobala m'chigwamo sikwamasewera.

Nyika ndiye amafuna kulingalira mofatsa, chifukwa ndi ulendo wautali umene ambiri adzauyenda kamodzi kokha. Ndi malo osungira zachilengedwe aakulu kuposa ena onse m'dziko muno, okwana masikweya kilomita oposa 3,000, ndipo mbali yaikulu ya phiri lake lathyathyathya ili pamtunda wopitirira mamita 2,000, nsonga ya Nganda n'kupitirira pang'ono mamita 2,600. Kuchokera ku Rumphi kudzera pachipata cha Thazima mpaka ku Chelinda ndi makilomita oposa 100 a msewu wofuna galimoto yamphamvu, makamaka m'dzinja. Funso ndi lakuti mupiteko liti, ndipo mayankho alipo atatu. Mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka madzi kuundana pa udzu m'mamawa, mpweya umakhala woyera, udzu wofiirira, ndipo mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zimaoneka bwino pa zitunda zopanda mitengo. Mu Seputembala ndi Okutobala maluwa amaphuka pa lupsa, koma utsi wochokera m'zigwa umakwera. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale zitunda zonse zimabiriwira, maluwa a mtundu wa orchid, amene pa Nyika alipo mitundu yoposa 200, amakhala pachimake, ndipo namzeze wabuluu amakhala akuswa.

Namzeze ameneyu ndiye chifukwa chimene ndingasankhire dzinja ngakhale msewu uvute chotani. Ndi mbalame imene ikuchepa mu Africa monse chifukwa malo a udzu a m'mapiri akulimidwa kapena kudzalidwa mitengo ya paini, ndipo Nyika ndi amodzi mwa malo ochepa kumene idakalipo yochuluka. Imamanga chisa m'maenje ndi m'zigwembe za pansi, imauluka motsika pamwamba pa udzu, yamphongo ikukoka nthenga ziwiri zazitali zakumchira, ndipo mvula ikamatha imanyamuka kupita kumadera ozungulira nyanja ya Victoria. Kuijambula ikuuluka n'kovuta kwambiri, chifukwa ndi yakuda, yaing'ono ndi yaliwiro, ndipo buluu wake amangooneka dzuwa likaimenya kuchokera kumbuyo kwanu. Njira yabwino ndiyo kupeza kamtengo kouma kapena waya kumene imakonda kutera, n'kukhala chapatali mpaka ibwere yokha. Mukaona ikulowa m'dzenje ili ndi chakudya kukamwa, bwererani m'mbuyo, chifukwa chithunzi chilichonse chimene chingachititse kuti kholo lisiye ana ake m'chisa n'chosayenera kujambulidwa. Pa chifukwa chomwecho sindigwirizana ndi chizolowezi choliza kulira kwa mbalame pa foni kuti ituluke m'tchire m'nyengo yoswa, popeza imasiya ntchito yake n'kumalimbana ndi mdani amene kulibe.

Mulanje ndi Zomba ndi malo a mapiri, mitambo ndi mathithi kuposa a mbalame zaulendo. Mbalame za m'nkhalango zake zowirira zimamveka kwambiri koma sizioneka, ndipo mdima wa pansi pa mitengo umagonjetsa makamera ambiri. Zomba ali ndi mwayi wakuti galimoto imakwera mpaka pamwamba, ndipo pa Emperor's View, pamene panatchedwa dzinali pokumbukira ulendo wa Haile Selassie wa ku Ethiopia, chigwa chonse cha Phalombe chimakhala pamapazi anu. Ku Mulanje chilichonse chimene mwatenga mudzachisenza pamsana kwa maola angapo, choncho lenzi yolemera ndi bwino kuisiya kunyumba.

Tsopano za kamera. Foni yamakono imajambula bwino mapiri, mitambo, masamba a mombo ndi maluwa apafupi, ndipo pa zimenezi musadzione ngati operewera. Pa mbalame imalephera, chifukwa mukakoka chithunzi ndi zala chimangofufuma osaonjezera kanthu. Njira yotsika mtengo ndiyo kugunditsa diso la foni pa magalasi oonera patali, mutawatsamiritsa pa mwala kapena pa windo la galimoto. Zimafuna kuleza mtima ndipo zimatheka pa mbalame yokhazikika yokha, monga kakowa kapena nantchengwa, koma chithunzi chake chimakwanira kuzindikira mtundu wa mbalameyo ndi kusunga umboni wa tsiku limene yafika.

Njira yachiwiri ndi makamera a lenzi yosachotseka yokoka patali kwambiri, monga Nikon P950, imene imakoka ngati lenzi ya mamilimita 2,000, kapena Canon SX70. Kwa munthu wopita ku Chilwa, kumene mbalame zimathawira patali, kapena woyenda pansi ndi pa kabaza, awa ndiwo ndimawalimbikitsa, chifukwa ndi opepuka, salowa fumbi posintha malenzi, ndipo kamera imodzi yomweyo imajambula phiri ndi diso la nkhwazi. Kufooka kwake kuli pa sensa (kachipangizo ka mkati kolandira kuwala) yaing'ono, yosasiyana kwenikweni ndi ya foni, imene imachita mchengamchenga kuwala kukachepa, ndiponso amachedwa kugwira mbalame youluka. Dziwaninso kuti kukoka patali sikugonjetsa mpweya wotentha: ikapitirira 9 koloko m'chigwa cha Shire, mpweya wa pamwamba pa nthaka umavinavina, ndipo chilichonse chakutali chimatuluka chosungunuka ngakhale kamera ikhale ya mtengo wotani.

Njira yachitatu ndi kamera yosintha malenzi. Popeza ojambula ambiri akunja akusamukira ku makamera opanda kalilole mkati, makamera akale okhala ndi kalilole, otchedwa DSLR, a Canon ndi Nikon akupezeka ogwiritsidwapo kale ntchito pa mtengo wofikirika, ndipo amene ali ndi abale ku Johannesburg kapena ku Britain angawatume. Ndalama yambiri ipite ku lenzi, osati ku kamera. Lenzi ya mamilimita 70 mpaka 300 imakwanira ku Liwonde ndi pa chulu cha ngumbi, koma ku Chilwa ndi ku Nyika mudzalakalaka ya 150 mpaka 600, ya Sigma kapena Tamron, imene imalemera pafupifupi makilogalamu awiri ndipo imatopetsa mikono msanga. Mbalame youluka imafuna liwiro la shata (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) la 1/1600 kapena 1/2000 ya sekondi, ndipo musaope kukweza ISO, muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, kuti mufikepo, chifukwa chithunzi cha mchengamchenga pang'ono chimakonzeka pa kompyuta pamene chogwedezeka sichikonzeka. M'galimoto, kathumba kodzadza mpunga kapena nyemba koika pa windo kamagwira ntchito kuposa choimikira cha miyendo itatu.

Mawu akuti nkhungu ali ndi matanthauzo atatu, ndipo wojambula amakumana nawo onse. Pali nkhungu ya m'mapiri imene timaithamangira m'mamawa, pali nkhungu za panyanja, tizilombo touluka timene timakwera ngati utsi wa moto waukulu pakati pa madzi cha ku Nkhata Bay ndi Likoma, ndipo pali nkhungu yomera mkati mwa lenzi. Yachitatuyi inandiwonongera lenzi yanga yoyamba, imene ndinaisiya m'chikwama chonyowa m'kabati nditabwera ku ulendo wa mu Januwale. Pofika Malichi mkati mwa galasi munali timizu toyera ngati ukonde wa kangaude, ndipo wokonza amene ndinamupititsira sanathe kuichotsa yonse. Chiyambire pamenepo, ndikafika kunyumba ndimatulutsa zonse m'chikwama, ndimazipukuta, n'kuziika m'chigoba chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel, timene ndimatiyanika padzuwa tikanyowa. M'chilimwe mdani ndi fumbi, choncho musasinthe lenzi pamsewu galimoto itangodutsa. Tengani mabatire awiri kapena atatu odzadza kale, chifukwa kumalo ambiri amene tatchulawa magetsi ndi a dzuwa kapena kulibe, ndipo kuzizira kwa pa Nyika kumamaliza batire msanga ngati simunalisunge m'thumba la pachifuwa. Za drone, funsani chilolezo kwa oyang'anira malo musananyamule n'komwe, ndipo pamwamba pa mbalame zoswa musaiulutse.

Patsala njira imodzi imene siifuna chipata, boti kapena pasipoti, ndipo ndikayerekeza zithunzi zimene ndasunga pa zaka zonsezi, zimene ndimabwerera kukaziyang'ana kawirikawiri zinachokera kumeneko. Ndi dambo, dziwe kapena munda wa mpunga wa kufupi ndi kwanu, kumene mungafike wapansi kapena panjinga m'mawa uliwonse umene mwafuna. Ulendo wa ku Nyika umakupatsani masiku atatu, ndipo nyengo ikakana mwaluza. Dambo lakwanu limakupatsani chaka chathunthu, ndipo mbalame zake zimafika pokuzolowerani. Sankhani malo amodzi oimapo, monga pa mlatho kapena pa tsinde la mtengo wodziwika, mujambule mbali imodzimodziyo pa ola limodzimodzilo kamodzi pa mwezi, ndipo mulembe m'kope tsiku limene mwaona mphamba yoyamba, namzeze woyamba ndi dokowe woyamba, komanso tsiku limene mwawaona komaliza. Amene ali ndi intaneti angaike zimene aonazo pa eBird, tsamba lolembapo mbalame zimene anthu aona, kumene zimathandiza ofufuza, popeza madera ambiri a dziko lino alibe wowalembera, ndipo nthambi za bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi zimasonkhanitsa anthu okonda zomwezi.

Pa dambo limene ine ndimapitako, chithunzi cha Okutobala chimaonetsa dothi lakuda long'aluka, ng'ombe zikufunafuna msipu pa lupsa, ndi phiri lakuseri litabisika mu utsi. Cha Disembala chili ndi madzi ofiira a mvula yoyamba ndi adokowe akuda atatu pa mzere wa chimanga. Cha Febuluwale ndi udzu wokhawokha wotalika kuposa munthu, mpheta yofiira itakhala pansonga ya bango, ndipo cha Meyi chimaonetsa phiri lija mwala uliwonse, amayi akumweta udzu wofolera, mawaya a magetsi ali mbee opanda namzeze ndi mmodzi yemwe.